Kasamalidwe ka boti lokhalamo pa ngalande za ku England

Munthu woyenda m'mbali mwa Regent's Canal mu mzinda wa London, kapena pafupi ndi Gas Street Basin ku Birmingham, amaona maboti aataliatali koma opyapyala, opakidwa penti yowala, maluwa ali padenga ndipo utsi ukufuka pa chumuni. Ena mwa abale athu okhala ku Britain amene lendi ya nyumba yawakwana amafunsa ngati sangagule boti lotere n'kumakhalamo. N'zotheka ndithu, ndipo anthu ambiri akukhalamo, koma wogula boti amagulira limodzi ntchito imene mwini nyumba ya njerwa saidziwa n'komwe. Botili ndi bokosi lachitsulo lokhala m'madzi usana ndi usiku, ndipo madziwo amafuna polowera kuchokera pansi pamene chinyontho chikudya kuchokera m'kati. Malangizo onse ali m'munsimu atsamira pa mfundo imeneyi.

Kupyapyala kwa maboti amenewa, amene eni ake amawatcha narrowboat, kuli ndi chifukwa chake. Ngalandezi zinakumbidwa kuti muzidutsa katundu wolemera, makamaka malasha. Bridgewater Canal inatsegulidwa mu 1761 kuti izinyamula malasha kuchokera ku migodi ya ku Worsley kupita ku Manchester, ndipo James Brindley, katswiri amene anagwira nawo ntchitoyo, ndiye anayala ngalande zina zambiri za m'chigawo chapakati cha England. Pofuna kuchepetsa ndalama ndiponso madzi, zipinda zokwezera ndi kutsitsira maboti, zotchedwa ma lock, anazimanga zopapatiza, mafiti 7 okha m'lifupi. Mpaka lero boti lofuna kudutsamo silipitirira mafiti 6 ndi mainchesi 10, omwe ndi mamita 2.08, ndipo m'litali limafika mafiti pafupifupi 70. Ofuna kuyenda pafupifupi ngalande zonse amasankha la mafiti 57, chifukwa kumpoto kuli ma lock aafupi, monga a pa Calder and Hebble Navigation. Kanjira ka m'mbali mwa madzi kamene anthu amathamangamo masiku ano kanali ka mahatchi okoka mabotiwo. Malonda onyamula katundu anafooka njanji ndi magalimoto zitabwera, ndipo chisanu choopsa cha 1962 mpaka 1963, chimene chinaumitsa madzi kwa milungu yambiri, chinamaliza zambiri zimene zinatsala. Kuyambira mu 2012, ngalande ndi mitsinje yokwana mamailosi pafupifupi 2,000 ku England ndi ku Wales ili m'manja mwa bungwe la Canal & River Trust, limene linalowa m'malo mwa bungwe la boma la British Waterways.

Yambani ndi chitsulo

Ogula boti koyamba amakopeka ndi makabati, mbaula yokongola ndi makatani, pamene mtengo weniweni wa boti uli m'gawo limene silioneka. Musapereke ndalama boti lisanatulutsidwe m'madzi ndi kupimidwa ndi katswiri amene mwamulemba ntchito inu nomwe, osati wosankhidwa ndi wogulitsa. Katswiriyo amapima kuchindikala kwa chitsulo ndi kachipangizo kogwiritsa ntchito mafunde a phokoso, ndipo amayang'ana timaenje timene dzimbiri laboola. Maboti ambiri amakono amamangidwa ndi chitsulo cha mamilimita 10 pansi, 6 m'mbali ndi 4 pa nyumba yapamwamba, koma akale ena anayamba ndi chitsulo chopyapyala kuposa apa, choncho chimene chatsala lero chikhoza kukhala chochepa kwambiri. Boti lodyeka amaliwotcherera chitsulo china pamwamba pa chakalecho. Ntchitoyi ikagwiridwa bwino ilibe vuto, koma imawonjezera kulemera, boti limatitimira pang'ono, ndipo mabowo otayira madzi a m'sinki amayandikira madzi a m'ngalande kuposa mmene womanga anafunira. Funsani katswiri wanu za mabowo amenewa mwapadera.

Mukagula, chitsulo chimafuna kupakidwa nthawi ndi nthawi. Ambiri amagwiritsa ntchito penti ya phula, ndipo amatulutsa boti m'madzi pakatha zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse. Boti likakhala padoko louma, amalitsuka ndi madzi amphamvu kuchotsa ndere ndi matope, amapala dzimbiri lonse lofufuma, amalisiya kuti liume, kenako amapaka kawiri kapena katatu, ndipo amadikira kuti penti yoyamba iume asanapake ina. Cholakwa chofala ndi kufulumira kubwezera boti m'madzi chifukwa masiku olipira padoko atha: phula losauma bwino limasupuka msanga. Malo ofunika kuwasamala kwambiri ndi mzere umene madzi amalekezera, popeza pamenepo chitsulo chimakumana ndi madzi ndi mpweya nthawi imodzi, komanso mafuta a dizilo oyandama pamadzi amasungunula phula. Penti ya epoxy yosakaniza mankhwala awiri imakhala zaka zambiri kuposa phula, koma imafuna kuti chitsulo chiyeretsedwe mpaka kuwala isanapakidwe, ndipo ndalama yoyamba ndi yochuluka. Kwa amene akudziwa kuti akhala ndi botilo nthawi yaitali, ine ndimaona kuti epoxy ndiyo yanzeru.

Boti lidakali pouma, yang'anani timiyala tachitsulo towotchereredwa kutsogolo ndi kumbuyo, totchedwa ma anode. Ntchito yake ndi kudyeka m'malo mwa chitsulo cha boti, ndipo m'madzi opanda mchere amaika a magnesium. Anode yodyeka kwambiri isinthidwe. Imene yakhala zaka koma ikuoneka yatsopano ndi yokayikitsa, chifukwa mwina sikugwira ntchito. Musaipake penti. Ngati boti lanu limalumikizidwa ku magetsi a padoko, ikani kachipangizo kotchedwa galvanic isolator, popeza waya wa magetsiwo umalumikiza boti lanu ndi maboti oyandikana nalo, ndipo timphamvu tochepa toyenda m'madzi tikhoza kudya chitsulo mwakachetechete.

Makomo amene madzi amalowera

Kumbuyo kwa boti kuli malo awiri amene muyenera kuwadziwa ngati chikhatho chanu. Oyamba ndi pamene shafti yozungulitsa pulopela imabowola chitsulo kutuluka kunja. Pa maboti ambiri pamakhala chingwe chothinitsidwa mozungulira shaftiyo ndiponso kachubu ka girizi kokhala ndi chopotokola pamwamba. Tsiku lililonse mukamaliza ulendo, potokolani mpaka chitalimba, kuti girizi atseke mpata. Kudontha pang'onopang'ono injini ikuyenda si vuto, koma kukapitirira boti litaima ngakhale mwapotokola, ndiye kuti manati awiri othinitsa akufunika kumangidwa pang'ono mofanana, kapena chingwecho chatha. Osamangitsa kwambiri: shafti imatentha ndi kudyeka.

Achiwiri ndi kabokosi kokhala pamwamba penipeni pa pulopela, kotchedwa weed hatch, kamene mumatsegula pofuna kuchotsa zinyalala. M'ngalande za m'mizinda muli majumbo, zingwe, nsanza, mawaya, nthawi zina ngakhale matayala, ndipo mukaona kuti injini ikulira koma boti silikuyenda bwino, kapena chiwongolero chikunjenjemera, mwina pulopela yakola chinthu. Yambani mwabweza giya kumbuyo kwa kamphindi, chifukwa zina zimachoka zokha. Zikakanika, kochezani, zimitsani injini, zulani kiyi ndi kuiika m'thumba mwanu musanalowetse dzanja m'madzi. Valani magolovesi aatali, popeza m'madzi amenewa mumapezeka tizilombo tochokera mu mkodzo wa makoswe toyambitsa matenda otchedwa leptospirosis. Mukadwala ngati chimfine champhamvu patapita masiku angapo, uzani dokotala kuti munagwira madzi a m'ngalande. Mukamaliza, bwezerani chivindikiro, onetsetsani kuti labala wake wakhala bwino, mangani chitsulo chopanikiza, kenako lizani injini, lowetsani giya ndi kuyang'ana ngati madzi sakutuluka m'mbali. Maboti ambiri amira chifukwa cha chivindikiro chimenechi, popeza pulopela ikamazungulira imaponyera madzi m'chipinda cha injini pamene woyendetsa akuyang'ana kutsogolo osadziwa kanthu.

Madzi a mvula nawonso ndi mdani, makamaka pa maboti okhala ndi bwalo lalikulu kumbuyo. Timipata totayira madzi timatsekeka ndi masamba m'miyezi ya October ndi November, ndipo madzi amasefukira pansi pa injini. Chotsani masambawo kawirikawiri, ndipo yesani pampu yopopa madzi a pansi pokweza kachoyandama kake ndi chala. Madzi osakanikirana ndi oyilo a pansi penipeni pa injini asapoperedwe m'ngalande. Akapeni ndi nsanza zoyamwa mafuta n'kukataya koyenera.

Za injini yeniyeniyo palibe chachilendo kwa munthu amene anasamalapo galimoto ya dizilo. Musanalize, onani oyilo, madzi oziziritsa ndi lamba. Sinthani oyilo ndi fyuluta malinga ndi buku la injini yanu, kawirikawiri pakatha maola pafupifupi 250. Chosiyana ndi galimoto n'chakuti dizilo wa m'boti amakhalitsa m'thanki, madzi a chinyontho amadikha pansi, ndipo pamene madzi akumana ndi mafuta pamamera tizilombo topanga utope wakuda wotseka mafyuluta. Dzazani thanki nyengo yozizira isanayambe, ndipo nthawi zina muziyamwa pang'ono za pansi pa thanki kuti muone ngati muli madzi.

Mapepala ndi lamulo la masiku 14

Kuti mupeze laisensi ya Canal & River Trust yolola boti lanu kukhala pa ngalande mufunika inshuwalansi yolipira ena mukawawonongera, yosachepera mapaundi 2 miliyoni, ndiponso chiphaso cha Boat Safety Scheme chimene chimakhala zaka zinayi. Chiphasochi chimayang'ana gasi, mafuta, mawaya a magetsi, zozimitsira moto ndi polowera mpweya. Sichinena kanthu za kuchindikala kwa chitsulo, choncho wogulitsa akakuonetsani chiphaso chatsopano musaganize kuti katswiri uja safunikanso.

Kenako muyenera kusankha pakati pa kukhala ndi malo anuanu okochezapo ndi kukhala woyendayenda. Malo ololedwa kukhalapo ngati pakhomo ndi osowa, ndipo ku London ndi okwera mtengo kwambiri. Wopanda malo amatsatira lamulo la British Waterways Act la 1995, limene limafuna kuti boti lizigwiritsidwa ntchito poyenda moona mtima ndipo lisakhale pamalo amodzi kupitirira masiku 14. Pamalo ena otchuka pali zikwangwani zochepetsa nthawiyi kufika masiku awiri okha. Ogwira ntchito ku Canal & River Trust amayenda m'mbali mwa ngalande kulemba manambala a maboti, ndipo kungosuntha pakati pa milatho iwiri chaka chonse sakuwerengera ngati ulendo. Amene ali ndi ana a sukulu kapena ntchito yoyamba m'mamawa pamalo amodzi aganizire bwino mfundo iyi asanagule, chifukwa ndi imene imatopetsa anthu kuposa dzimbiri. Injini ikawonongeka kapena mukadwala, dziwitsani bungwelo msanga kuti likuloleni kukhalitsa.

Kuyendetsa ndi kudutsa ma lock

Liwiro lololedwa pa ngalande zambiri ndi mamailosi 4 pa ola, ndipo nthawi zambiri mumayenda mochepera apo. Mukaona mafunde anu akusweka m'mphepete, mwathamanga. Podutsa maboti okocheza chepetsani moto mpaka injini ingogunda pang'onopang'ono, chifukwa boti lodutsa limakoka madzi, kuzula zikhomo za anzanu ndi kuwagwetsera ketulo ya tiyi. Mukakumana ndi boti lina, pitani kudzanja lamanja, mosiyana ndi pamsewu wa ku Britain. Chiwongolero mukachikankhira kumanzere mutu wa boti umapita kumanja, boti limatembenukira chapakati pake kotero kuti matako ake amakhotera kwina, ndipo buleki palibe: kuima ndi kubweza giya kumbuyo, zimene pa boti la matani oposa 15 zimafuna mtunda. Pokocheza, mangani zingwe ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, zopendekera kunja, ndipo chingwe cha padenga chisakhale chomangira usiku, chifukwa madzi akakwera kapena kutsika chimapendeketsa boti.

Ma lock ndiwo amafuna mutu wonse. Kuchokera ku London kukafika ku Birmingham pa Grand Union Canal alipo 166, ku Tardebigge alipo 30 otsatizana, ndipo ku Caen Hill pafupi ndi Devizes alipo 29, choncho simungawapewe. Madzi amalowa ndi kutuluka kudzera pa timazenera totsegulidwa ndi chogwirira chachitsulo chokhota chotchedwa windlass. Musanatsegule mbali imodzi, tsimikizani kuti zitseko ndi timazenera ta mbali inayo n'zotseka. Ikani kachitsulo koletsa kubwerera musanayambe kupukusa, ndipo musasiye chogwiriracho chili pomwepo, chifukwa kachitsuloko kakaphonya chimazungulira mwamphamvu moti chikhoza kuthyola dzanja kapena mano.

Potsika, ngozi yaikulu ili kumbuyo kwanu. Pansi pa zitseko zakumtunda pali chiunda cha miyala kapena simenti chotchedwa cill, chimene chimabisika madzi akadzaza, ndipo malire ake amalembedwa ndi penti yoyera pakhoma. Boti likakhala kumbuyo kwa mzerewo madzi akutsika, matako ake amakhala pa chiundacho, mutu umapitiriza kutsika, madzi amalowa pakhomo lakutsogolo, ndipo m'mphindi zochepa boti lamira. Woyendetsa akhale akuyang'ana mzerewo nthawi yonse, ndipo wotsegula timazenera asachoke pamalo ake kapena kutanganidwa ndi foni. Mukaona boti likupendekera, tsekani timazenera tonse nthawi yomweyo, kenako lowetsani madzi pang'onopang'ono kuchokera kumtunda mpaka boti litayandamanso. Pokwera, tsegulani kaye timazenera ta pansi pa nthaka musanatsegule ta pazitseko, chifukwa ta pazitseko timatha kuthira madzi mwachindunji m'mutu mwa boti. Pochoka tsekani zonse, pokhapokha ngati boti lina likubwera kudzalowa. Madzi a m'ngalande amachokera m'madamu a kumtunda, ndipo m'chilimwe chouma ma lock ena amatsekedwa chifukwa madziwo achepa.

Madzi, chimbudzi ndi magetsi

Wokhala m'boti amaphunzira kuwerenga chilichonse. Madzi akumwa ndi osamba mumathira m'thanki pa mipopi ya m'mbali mwa ngalande, imene imatsegulidwa ndi kiyi yapadera ya bungwe lija, ndipo mipopi ina imatuluka mofooka kotero kuti kudzaza kumatenga ola lathunthu. Mukadzaza, chokanipo kuti ena athire. Paipi yothirira musaigwetse m'ngalande. Madzi a m'sinki ndi m'bafa amatayikira m'ngalande momwemo, n'chifukwa chake ndi bwino kusankha sopo wosawononga zamoyo za m'madzi ndi kusathira mafuta ophikira m'sinki.

Za m'chimbudzi siziloledwa kutayidwa m'madzi. Ena ali ndi thanki yaikulu imene imapopedwa ndi makina pamalipiro, ena ali ndi kathanki konyamula m'manja kamene amakakhuthula pamalo otchedwa Elsan point. Eni maboti amatsutsana kosatha pa nkhaniyi, koma kwa woyendayenda kathanki konyamula kali ndi ubwino umodzi wosatsutsika: madzi akaundana boti n'kulephera kusuntha, mukhoza kukanyamula pa wilibala. Khalani ndi tiwiri kapena titatu.

Magetsi amachokera m'mabatire a m'nyumba, olekanitsidwa ndi batire lolizira injini kuti mukawatha usiku muthe kuliza m'mawa. Mabatire wamba a asidi amafa msanga mukamawatsitsa kupitirira theka kapena kuwasiya osadzaza kwa masiku ambiri. Kuyambira April mpaka September mapanelo a sola padenga amathandiza kwambiri, koma mu December dzuwa la ku England limatuluka mochedwa, limayenda chapansi ndi kulowa isanakwane 4 koloko, ndipo muyenera kuliza injini kuti mutchaje. Malamulo a laisensi salola kuliza injini kapena jenereta boti litakocheza pakati pa 8 koloko usiku ndi 8 koloko m'mawa, choncho wopita kuntchito akonze nthawi yake. Injini ikamalira imatenthetsanso madzi osamba m'thanki yapadera, ndiye sambani ikangozima.

Moto, mpweya ndi nyengo yozizira

Mbaula ya malasha kapena nkhuni ndiyo mtima wa boti m'nyengo yozizira, ndipo pa ngalande zina pamadutsa maboti ogulitsa malasha, dizilo ndi gasi. Tonsefe tikudziwa za anthu amene anagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka osadzukanso. Mpweya wake ndi womwewo wa carbon monoxide, wopanda fungo, ndipo m'boti malo ndi ochepa kuposa m'nyumba. Kuyambira mu April 2019, Boat Safety Scheme imafuna kuti boti lokhala ndi malo ogona likhale ndi alamu ya mpweya umenewu. Iyeseni kawirikawiri, sesani mwaye m'chumuni, sinthani chingwe cha pachitseko cha mbaula chikaphwanyika, ndipo phulusa lotentha musalisunge m'kati kapena pakhomo lotchingidwa ndi lona, chifukwa limapitiriza kutulutsa mpweyawo. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, ndipo akatayika amatsikira pansi pa boti pamene alibe potulukira. N'chifukwa chake masilinda amakhala m'kabokosi kawokawo kokhala ndi bowo lotayira kunja, limene siliyenera kutsekedwa ndi zingwe kapena zitini za penti.

Kukazizira anthu amayesedwa kutseka timabowo ta mpweya ta padenga ndi pazitseko. Musatero. Kuwonjezera pa ngozi ya mpweya woipa, nthunzi ya kuphika, kusamba ndi kupuma imasanduka madontho pamawindo ndi pachitsulo chozizira, imatsikira kuseri kwa matabwa, ndipo chuku chimamera pansi pa matiresi ndi m'makabati. Pukutani mawindo m'mawa uliwonse, tsegulani zenera pophika, muziimika matiresi nthawi zina, ndipo muzisuzumira pa kachitseko ka pansi kumapeto kwa nyumba, kumene madzi onse otayika m'kati amakasonkhana.

Kuyambira November mpaka March bungwe limatseka zigawo zina za ngalande kuti likonze zitseko ndi makoma, ndipo ndandanda yake imalengezedwa miyezi ingapo zisanachitike. Iwerengeni msanga kuti musatsekeredwe mbali yopanda mpopi kapena kotayira za m'chimbudzi. Mukamva kuti kukubwera chisanu champhamvu, dzazani madzi, gulani malasha ndi kukocheza pafupi ndi malo amenewa madzi asanaundane, chifukwa kuyendetsa boti moswa madzi oundana kumapala phula lonse pa mzere uja wa madzi, lanu ndi la maboti amene mukuwadutsa. Ngati muchokapo kwa milungu ingapo, zimitsani pampu ya madzi, tsekani paipi yochokera kuthanki, tsegulani mipopi yonse kuti mapaipi akhale opanda madzi, tsekani gasi pa silinda, onani kuti m'madzi oziziritsa injini muli mankhwala oletsa kuundana, ndipo siyani pampu ya pansi ili yolumikizidwa ku batire. Pemphani wa boti loyandikana nalo kuti azikuyang'anirani zingwe, ndipo mumusiyire nambala yanu ya foni.